Kodi Blantyre ayikidwe pa mapu a 1836?

Funso: "Ine ndi anzanga awiri tikukonza mod (zosintha zomwe osewera amawonjezera okha pa gemu) ya Victoria 3, gemu ya pakompyuta yomwe nkhani yake imayambira mu 1836. Tikufuna kujambulanso dera la Malawi ndi maiko oyandikana nalo kuti likhale ndi mayina okwanira. Ine ndayika Blantyre, Zomba, Lilongwe, Mzuzu ndi Mangochi. Mnzanga mmodzi akuti matauni amenewa kunalibe nthawi imeneyo, winayo akuti tisadzivutitse poti ndi gemu chabe. Zoona ndi ziti? Nanga tikawachotsa tiyikepo chiyani?"

Yankho: Mnzanu woyambayo akunena zoona. Pa mayina asanu mwatchulawo, palibe ngakhale limodzi lomwe linali tauni mu 1836.

Mzinda wa Blantyre unayamba mu 1876, pomwe amishoni a Church of Scotland anamanga pa malo omwe Henry Henderson anasankha m'dera la mfumu Kapeni, nawatcha dzina la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Mu 1836 Livingstoneyo anali mnyamata wongoyamba kumene maphunziro a udokotala ku Glasgow. Ku Africa anafika mu 1841, ndipo mtsinje wa Shire anadzauona mu 1859. Phiri la Zomba linalipo, koma tauniyo inakhala likulu la boma la atsamunda mu 1891. Mtsinje wa Lilongwe unkayenda monga ukuyendera lero, koma boma la Lilongwe linakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ulikulu wa dziko linaulandira mu 1975. Mzuzu ndiye wamng'ono kwenikweni: anakula kuchokera ku minda ya mitengo ya tung kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, gemu yanu itatha kale, poti imathera mu 1936. Kuyika mizinda imeneyi pa mapu a 1836 kuli ngati kuyimika mdzukulu pa chithunzi cha ukwati wa agogo ake.

Komabe mnzanu wachiwiriyo musamunyoze, pakuti vuto lomwe akulithawa ndi lenileni. Victoria 3 imagawa dziko m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimafuna malo a mzinda, a ulimi, a migodi, a matabwa, komanso doko ngati chili m'mphepete mwa nyanja yamchere. Malo onsewo amafuna mayina. Mapu ndi amodzi, koma nkhani ikuyenda zaka 100, zaka zomwe dziko lapansi linasintha kwambiri. Johannesburg anabadwa mu 1886, Fort Salisbury mu 1890, Nairobi mu 1899, Lusaka mu 1905. Edo anasanduka Tokyo mu 1868, St Petersburg anasanduka Petrograd mu 1914 kenako Leningrad mu 1924, Christiania anakhala Oslo mu 1925. Wojambula aliyense amafika poti asankhe: dzina lomwe wosewera alizindikire msanga, kapena dzina lomwe linali pakamwa pa anthu m'chaka choyambiracho. Ine ndili kumbali ya lachiwirili, ndipo chifukwa changa n'chakuti anthu ambiri amene adzasewera mod yanu sadzatsegulapo buku la mbiri ya dera lino. Chomwe adzaone pa mapu anuwo ndicho adzachitenge ngati mbiri.

Dzina lililonse mulifunse ngati malowo analipo m'chaka chanu, ngati ankatchedwa choncho, ndiponso ngati anali pomwe mukuwayikapo. Funso lotsirizali ndi lomwe anthu amaliiwala, ndipo Mangochi wanuyo akulionetsa bwino. Tauni yomwe lero timati Mangochi inayamba mu 1891 ndi dzina la Fort Johnston. Linga loyamba linali tsidya la kum'mawa kwa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, ndipo patapita zaka zochepa boma linasamukira pomwe pali tauni lero. Pa nthawi yomweyo dzina la Mangochi linali la phiri la cha ku Namwera, komwe kunali likulu la mfumu Jalasi mpaka pomwe asilikali a Angerezi anamugonjetsa mu 1895 ndi kumangapo Fort Mangochi. Choncho munthu akawerenga chikalata cha m'ma 1890 chotchula Mangochi, n'kuyika kadontho pa mlatho wa Shire, waphonya phiri lonse.

Livingstonia ndi chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Mishoniyo inayamba ku Cape Maclear mu 1875, malungo anaisamutsira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Robert Laws anakakhazikitsa likulu pa mtunda wa Khondowe. Dzina ndi limodzi, malo ndi atatu, kuchokera kumwera kwa nyanja mpaka kumpoto. Kunyanja yamchere kuli Kilwa zitatu: Kilwa Kisiwani ya pachilumba, yomwe inatchuka ndi golide kalekale ndipo Apwitikizi anailanda mu 1505, Kilwa Kivinje ya kumtunda, komwe amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera ku nyanja yathu ankathera ulendo m'zaka za m'ma 1800, ndi Kilwa Masoko, boma la masiku ano. Pa mapu a gemu ina yotchedwa Europa Universalis IV, omwe amayambira mu 1444, Kilwa yoyenera ndi ya pachilumba. Pa mapu anu ndi Kivinje. Bulawayo nayenso muchenjere naye. Mu 1836 Mzilikazi ndi Amandebele ake anali akadali kumwera kwa Limpopo. Mwana wake Lobengula anamanga Bulawayo mu 1870, anamusamutsa mu 1881, anamutentha mu 1893, ndipo tauni ya azungu inamangidwa pambuyo pake.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa loyambalo. Mukachotsa Blantyre ndi anzakewo n'kusiya malo opanda dzina, mwanama bodza loposa lija munali nalo. Mapu opanda kanthu amauza wosewera kuti dzikoli linali thengo lodikira mwini, ndipo amenewo ndi maganizo omwe atsamunda ankadzilungamitsa nawo. Gemuyonso payokha imakankhira komweko, poti madera ambiri a mkati mwa Africa imawaika m'gulu la maiko opanda boma limodzi lamphamvu, omwe ena akhoza kungowalowerera pang'onopang'ono. Ntchito ya mod yanu ikhale kuonetsa kuti kunali anthu, mafumu, akachisi, misika ndi njira zamalonda.

Yambirani ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, malo a Kalonga. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anakumba pamenepo napeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, umboni woti mudziwo unkachita malonda ndi kunyanja yamchere. Musaujambule ndi mphamvu zomwe unali nazo m'zaka za m'ma 1600, nthawi ya mfumu Muzura, pomwe Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anadutsa m'dzikoli mu 1616 pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. Pofika 1836 ufumu wa Kalonga unali utafooka, mafumu aang'ono akudziyendetsa okha, koma unali usanathe. Kalonga Sosola anadzaphedwa m'zaka za m'ma 1860. Kumadzulo ikani Mano, likulu la Undi, m'dera lomwe lero lili ku Mozambique kumpoto kwa Zambezi. Kuchigwa cha Shire ikani Mbewe ya Mitengo, kwa Lundu, m'boma la Chikwawa. Ku chigawo chapakati kuli Mwase wa ku Kasungu, Mkanda cha ku Mchinji, Kanyenda cha ku Nkhotakota. Kumpoto kuli Chikulamayembe ku Nkhamanga, yemwe ufumu wake unakula ndi malonda a minyanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndi Kyungu wa Angonde pa phiri la Mbande kufupi ndi Karonga.

Musasiyenso akachisi a mvula. Msinja, kwa Makewana, ndi Khulubvi, kwa Mbona ku Nsanje, anali malo omwe mafumu akutali ankatumizako nthumwi ndi nsembe. Gemu ikafuna "mzinda" imaganiza za nyumba zambiri ndi mafakitale, koma ngati funso lili loti anthu a dera limeneli ankayang'ana kuti pa nthawi ya chilala kapena mkangano, yankho lake nthawi zambiri ndi kachisi. Malo a Khulubvi akhala odziwika kwa mibadwo yambiri pomwe malikulu a mafumu ankasamukasamuka, ndiye ndi chikhomo chodalirika pa mapu.

Kusamukasamuka kumeneku ndi komwe kumasiyanitsa mapu a kuno ndi a ku Ulaya. Kumeneko mzinda umakhala pamodzimodzi, mafumu n'kumasinthana. Kuno dzina linkayenda ndi mfumu. Nthaka ikaguga, mfumu ikamwalira, nkhondo ikayandikira, mudzi unkasamuka, koma anthu n'kumanenabe kuti "kwa Mkanda", "kwa Mwase". Kwa Kazembe, ku Luapula, mfumu yatsopano inkamanga likulu lake cha m'mbali mwa nyanja ya Mofwe m'malo molowa m'bwinja la mnzake, ndipo Mwansabombwe wa lero anakhazikika m'zaka za m'ma 1890. Pa chifukwa chimenechi ndikukulangizani kuti malikulu otere muziwalemba ndi dzina la ufumu, n'kuwayika pafupi ndi mtsinje kapena phiri lomwe mbiri imawalumikiza nalo. Pomwe palibe mfumu yodziwika bwino ya chaka chimenecho, dzina la phiri kapena mtsinje ndi lokwanira: Mulanje, Dedza, Zomba, Linthipe, Bua, Dwangwa. Zomba ndi Lilongwe akhoza kubwerera pa mapu anu mwa njira imeneyi, ngati phiri ndi mtsinje, osati ngati mizinda ikuluikulu.

Pali msampha wina womwe anthu okonda kwawo amagwamo kawirikawiri: kuganiza kuti dzina likakhala lachikuda ndiye kuti ndi lakale. Dziko la Malawi lomwe agogo athu ankalidziwa linaumbidwa kwambiri pakati pa 1840 ndi 1880, gemu yanu itayamba kale. Zwangendaba ndi Angoni ake anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana. Gemu ikutsegulidwa pa 1 Januwale 1836, patangopita milungu yochepa, iwo ali m'dziko la Ansenga. Anali asanafike ku Ufipa, ku Tanzania wa lero, komwe Zwangendaba anakamwalirira, ndipo M'mbelwa anadzakhazikika kumpoto kwa Malawi m'zaka za m'ma 1850. Ekwendeni, Embangweni ndi midzi ina yachingoni ya ku Mzimba isaoneke tsiku loyamba. Angoni a Maseko anadzakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870 atabwerera kuchokera kum'mawa kwa nyanja, ndipo Mpezeni anafika dera la Chipata cha nthawi yomweyo.

Jumbe Salim bin Abdallah anafika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, choncho doko lalikulu la Aswahili, la zombo zowolotsa akapolo ndi minyanga, likhale chochitika cha m'kati mwa gemu. Mafumu achiyao monga Mponda, Makanjira, Kawinga ndi Kapeni anakhazikika kumwera kwa Malawi chapakati pa zaka za m'ma 1800 ndi pambuyo pake. Mu 1861 amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, ku Magomero anapeza nkhondo ya Ayao ndi Amang'anja ili mkati. Mu 1836 Ayao anali kale amalonda otchuka oyenda pakati pa nyanja yathu ndi Kilwa, koma kwawo kunali kum'mawa, pakati pa Lujenda ndi Ruvuma. Ku Chikwawa, mayina a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlauli ndi a Akololo omwe anabwera ndi Livingstone natsalira ku Shire m'zaka za m'ma 1860. Mlozi, wamalonda a akapolo wa ku Karonga, ndi wa m'ma 1880. Onsewa ndi anthu a mbiri yathu ndipo ayenera kupezeka m'mod yanu, koma aliyense alowe pa nthawi yake. Kunena zoona, pamenepa ndi pomwe pali kukoma kwa gemu: wosewera akuyamba ndi mafumu a Chimaravi ogawikana, akuona Angoni akubwera kuchokera kumwera, Aswahili ndi Ayao kuchokera kum'mawa, ndipo ayenera kusankha woti agwirizane naye. Mukayika zonse pa mapu kuyambira tsiku loyamba, nkhani imeneyi yatha isanayambe.

Mboni yoyandikira kwambiri chaka chanu ndi António Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi yemwe anayenda ndi José Monteiro kuchokera ku Tete kupita kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, nalemba za midzi ya Amaravi, Achewa ndi Abisa yomwe anadutsamo. Zolemba zake ziposa mapu aliwonse ojambulidwa ku Ulaya nthawi imeneyo, pakuti ojambulawo ankangomva za nyanja yaikulu ya "Maravi" osadziwa kutalika kwake ngakhale pomwe ikuthera. Matauni a Apwitikizi a m'mbali mwa Zambezi ndi osavuta: Tete ndi Sena analipo kuyambira zaka za m'ma 1530, Quelimane kuyambira 1544. Zumbo ndiye wofunika kumusamala, poti Apwitikizi anamusiya mu 1836 momwemo, Livingstone anapeza mabwinja okhaokha mu 1856, ndipo Apwitikiziwo anadzabwereranso mu 1862. Likulu la Apwitikizi linali pa chilumba cha Mozambique mpaka 1898. Lourenço Marques, yemwe lero ndi Maputo, anali kalinga kakang'ono komwe ankhondo a Dingane, mfumu ya Azulu, anakaononga mu 1833. Beira asaoneke n'komwe mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1880.

Nanga Blantyre atayike? Ayi. Njira yabwino ndi yoti dzina lizisintha molingana ndi chaka komanso mwini dera. Europa Universalis IV ili nacho kale chinthu chotere, pomwe chigawo chimasintha dzina malinga ndi mtundu wa omwe akuchilamulira. Inunso chitani chimodzimodzi ndi zochitika zomwe mulembe. Amishoni a ku Scotland akafika m'zaka za m'ma 1870, Blantyre abadwe. Angerezi akalanda dzikolo, Fort Johnston, Fort Manning, Fort Hill, Fort Jameson ndi Port Herald aonekere, poti amenewo ndiwo anali mayina a boma mpaka gemu kutha. Mangochi, Mchinji, Chitipa, Chipata ndi Nsanje anadzawalowa m'malo pa mapu a boma nthawi ya atsamunda itatha. Koma ngati wosewera wagwirizanitsa Amaravi nakana atsamunda, palibe chifukwa choti mzinda wake utchedwe dzina la mudzi wa ku Scotland kapena la Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno. Pa malo a Blantyre pakhoza kukhala Kabula, dzina lomwe eni ake amalitchulabe, kapena Ndirande, Soche, Michiru, mapiri omwe analipo mishoni isanabwere.

Pa kalembedwe, tsatirani lamulo limodzi osalisintha. Mapu a atsamunda amalemba Kota Kota, Mlanje, Cholo, Ncheu. Apwitikizi ankalemba Marave ndi Cazembe. Dera likakhala m'manja mwa eni ake, lembani Nkhotakota, Mulanje, Thyolo, Ntcheu monga timalembera lero, poti kalembedwe kakaleko kanali kumva kwa khutu la mlendo. Kalembedwe kachitsamunda kabwere pokhapokha mtsamundayo akalamulira. Mukasakaniza, wosewera adzaganiza kuti Cholo ndi Thyolo ndi malo awiri.

Chotsalira ndi madoko, ndipo pano madzi ndiwo ankalamula. Poyamba katundu wopita ku Shire ankalowera ku Quelimane, kukwera mtsinje wa Kwakwa, kenako n'kunyamulidwa pamutu kukafika ku Zambezi. Mu 1889 Daniel Rankin anaonetsa kuti sitima zikhoza kulowa mu Zambezi kudzera pa Chinde, ndipo mu 1891 Angerezi anabwereka malo kumeneko kwa Apwitikizi. Chinde anali khomo la Nyasaland kwa zaka pafupifupi 30, nyanja ikumudya gombe chaka ndi chaka, mpaka namondwe wa 1922 ndi njanji yochokera ku Beira zinamuthetsa. Angerezi anachokako mu 1923. Mu Shire momwemo doko linkatsetserekera kumunsi madzi akamachepa. Sitima zoyamba zinkafika kwa Katunga, pansi pa mathithi. Kenako zinkathera pa Chiromo, kenako pa Port Herald. Njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Blantyre mu 1908, koma mu 1915 anailumikiza mpaka ku Chindio pa Zambezi chifukwa Shire sankadalirikanso. Kuyambira cha mu 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika kwambiri moti madzi analeka kutuluka kulowa mu Shire. Mu 1935 mlatho wa pa Zambezi pakati pa Sena ndi Dona Ana unatsegulidwa, ndipo njanji inafika ku Salima chaka chomwecho. Ngati mod yanu ikulola doko limodzi lokha pa Shire, ikani Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire, ndipo lizitsegulidwa sitima za nthunzi zikayamba kuyenda mumtsinjemo.